MAWU OGONERA M'MBALE ZA GALAMAFONI

Mbiri ya anthu siisungidwa m'mabuku mokha. Mabuku ambiri onena za dziko lathu m'nthawi ya atsamunda analembedwa ndi akuluakulu a boma, amishoni ndi eni minda ya tiyi, ndipo amatiuza zimene iwowo anaona ndi zimene anafuna kuti zikumbukike. Munthu wamba wa kwa Chiwalo, m'boma la Phalombe, kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi malire a Mozambique, sapezekamo m'mabuku amenewa, kupatula ngati nambala ya m'kaundula wa msonkho. Tikafuna kudziwa za moyo wake tiyenera kufunsa zinthu zimene iye anagula ndi thukuta lake, nazisunga mosamala. Mwa zinthu zonsezo, chimene chingatiyankhe ndi mawu omveka m'khutu ndi mbale ya galamafoni.

M'mayiko a kutali muli anthu amene amatha moyo wawo wonse akutolera magalamafoni akale ndi mbale zake, ndipo kwa ambiri a iwo ntchitoyi ndi yongosangalatsa mtima. Ife tikufuna kuonetsa kuti kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera koposa pamenepo, pakuti mbale zimenezi ndizo mboni zotsala za maulendo a makolo athu, ndipo mbonizo zikutha.

Bokosi loimba lopanda magetsi

Ana a masiku ano, amene amayenda ndi nyimbo zambirimbiri m'lamya ya m'manja, angadabwe kumva kuti agogo awo ankadutsa midzi ingapo kukaona bokosi loimba. Galamafoni imene inafala m'midzi inali yofanana ndi sutukesi yaing'ono. Siinkafuna magetsi kapena mabatire. Mwini wake ankapukusa chogwirira cha pambali, motero ankakunga sipuling'i yachitsulo imene inali m'kati. Sipuling'iyo pomasuka pang'onopang'ono inkazunguza mbale maulendo 78 pa mphindi imodzi. Pa mbalepo panali kanjira kopyapyala kozungulira kuchokera m'mphepete kulowa pakati, kokhotakhota monga mwa mawu a woimba. Singano yachitsulo poyenda m'kanjiramo inkanjenjemera, kunjenjemerako kunkagwedeza kachitsulo kopsapsala kokungidwa ngati chikopa cha ng'oma, ndipo mawu ankakulira m'lipenga lobisika m'bokosimo.

Woyamba kupanga makina ogwira mawu a munthu ndi kuwabwezanso anali Thomas Edison wa ku America, mu 1877. Makina ake ankalemba mawuwo pa chinthu chobulungira ngati mfundo ya nsungwi. Patapita zaka khumi, mu 1887, Emile Berliner, mbadwa ya ku Germany yokhala ku America, anatulukira mbale yafulati pamodzi ndi dzina lakuti galamafoni. Ubwino wa mbale unali wakuti chikombole chimodzi chachitsulo chinkatha kudinda mbale zikwizikwi, monga momwe chidindo chimodzi cha kwa mfumu chimadindira makalata ambiri. Apa ndi pamene nyimbo inasanduka katundu wogulitsa m'sitolo.

Mbalezo ankaziumba ndi utomoni wotchedwa shellac, umene umatuluka m'tizilombo ting'onoting'ono tokhala pa mitengo ya ku India ndi ku Thailand, ndipo ankausakaniza ndi miyala yopera. N'chifukwa chake mbale yakale imalemera m'manja, ndipo ikagwa imasweka ngati phale. Mbali imodzi ya mbale wamba inkaimba pafupifupi mphindi zitatu zokha. Tisachione chochepa chimenechi. Kwathu nyimbo inalibe malire: gule ankayamba madzulo nafika m'bandakucha, ndipo nyimbo ya pamtondo inkatha pamene chimanga chakonoleka. Koma woimba wolowa m'nyumba yojambulira anayenera kuphunzira kuyamba, kunena zake ndi kumaliza mphindi zitatu zisanakwane. Msinkhu wa nyimbo zambiri zimene timamva pa wayilesi mpaka lero unadulidwa ndi mbale imeneyi.

Inabwera pamutu pa apaulendo

Galamafoni siinafike m'midzi mwathu ngati mphatso. Inafika pamutu pa anthu obwerera ku ntchito za kutali, ndipo kuti timvetse mtengo wake tiyenera kukumbukira chimene chinawachotsa pakhomo. Alomwe ambiri analowa m'dziko lino kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, pothawa njala, nkhondo ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ambiri anakhazikika m'chigwa cha Phalombe, chimene chinali gawo la boma la Mulanje mpaka mu 1998. Koma kunonso anapezako msonkho wa nyumba, umene unkafuna ndalama, ndi thangata pa minda ya azungu. Ndalama m'mudzi munalibe. Ena anapita ku minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ena anawoloka Zambezi kunka ku Salisbury, kumene makolo athu ankakutcha ku Halale, ku Bulawayo ndi ku migodi ya malasha ya ku Wankie. Enanso analembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, ku Joni. Bungwe lolemba anthu opita ku Southern Rhodesia anthu analipatsa dzina lakuti Mthandizi.

Amene anakhalitsa kumeneko, osatumiza kalata kapena ndalama, anatchedwa matchona, dzina lopweteka m'makutu a mkazi wotsala ndi ana. Amene anabwerera anayenera kuonetsa kuti zaka zawo sizinapite pachabe. Umboni wake unali bulangete, suti, njinga, makina osokera, ndipo kwa amene anasunga bwino ndalama, galamafoni ndi mbale zingapo zokulungidwa m'malaya kuti zisasweke panjira. Tikumbukenso kuti mwa mwambo wa Alomwe mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, kumene munda ndi ana zimawerengedwa za mbumba ya kuchikazi. Kwa mkamwini wotere, njinga ndi galamafoni zinali mwa zinthu zochepa zimene mudzi wonse unkavomereza kuti ndi zakezake. Bokosi likatsegulidwa pakhonde madzulo, anthu amene dzulo ankamutuma lero ankakhala pansi kudikira kuti iye apukuse.

Tsono mbale iliyonse yotsala m'nyumba ya kwa Chiwalo ili ndi nkhani ziwiri. Yoyamba ndi nyimbo imene ili m'kanjira kake. Yachiwiri ndi ya munthu amene anaigula: kumene anagwira ntchito, zaka zimene anakhalako, njira imene anadzera pobwerera ndi amene anamusiya m'manda a kuchilendo. Nkhani yachiwiriyi siinadindidwe paliponse.

Zimene mbalezo zinkaimba

Pa mbale zambiri za ku England panali chithunzi cha galu womvetsera ku lipenga, chizindikiro cha His Master's Voice. Galuyo dzina lake anali Nipper, ndipo chithunzicho anachijambula Francis Barraud, nachigulitsa ku kampani ya Gramophone mu 1899. Koma mbale zimene zinagwira mitima ya apaulendo athu zinali zodindidwa ku Johannesburg. Kumeneko Eric Gallo anayamba malonda a mbale mu 1926, ndipo pambuyo pake dzina la Gallotone linadziwika kuyambira ku Cape Town mpaka kuno kwathu. M'zaka za m'ma 1950 kunadzanso mbale za Troubadour ndi zina.

M'mbale zimenezi anthu a kumudzi anamva gitala wa George Sibanda wa ku Bulawayo, chitoliro cha Spokes Mashiyane ndi kwela ya m'misewu ya ku Johannesburg, komanso Skokiaan ya August Musarurwa, nyimbo ya ku Bulawayo imene Louis Armstrong wa ku America anaijambulanso mu 1954. Anamvanso Jimmie Rodgers, mzungu wa ku America amene mbale zake zinakondedwa m'mayiko ambiri a mu Africa. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anyamata amene anamva zimenezi sanangovina. Anatenga chitini, chikopa cha mbuzi ndi waya, napanga mabanjo ndi magitala awoawo, nayamba kuimba nkhani za kwawo pa zingwe zachilendo.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka, amene ubwana wawo anaudyerako ku Salisbury kumene bambo awo ankagwira ntchito. Kwela itayamba kuzilala ku South Africa, iwo anaisunga naipatsa mtima wa Chimalawi, ndipo Gerhard Kubik wa ku Austria atakumana nawo ku Blantyre mu 1967, nyimbo zawo zinamveka mpaka ku Ulaya. Banjo ya Allan Namoko wa ku Thyolo, ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, inamera pa nthaka yomweyo imene galamafoni inagaula. Mbalezo zinkasunganso zochitika. Madzi ndi miyala zitatsika m'phiri la Zomba mu Disembala 1946, abale a kwa Paseli anaimba nyimbo yotchedwa Napolo, ndipo anthu ambiri amene sanawerengepo nyuzipepala anadziwa za tsokalo kudzera m'nyimboyo.

Sitinganene kuti malondawa anali achilungamo. Mu 1939 Solomon Linda anajambula nyimbo yake Mbube ku Johannesburg, nalandira mashilini khumi. Nyimboyo inawoloka nyanja, inasinthidwa mayina, niilemeretsa anthu ena ku America, koma mwini wake anamwalira wosauka mu 1962, ndipo ana ake anayamba kulandirako gawo lawo mlandu utatha mu 2006. Oimba ambiri a nthawi imeneyo ankalipidwa kamodzi kokha, tsiku lojambula. Wosunga mbale zakale ayenera kudziwa zimenezi, pakuti dzina lolembedwa pakati pa mbale nthawi zina ndilo cholowa chokhacho chimene woimbayo anasiya.

Zimene mbalezo sizinaimbe

Kampani inkadinda chimene chingagulidwe ndi anthu a m'matauni ndi m'migodi. Ng'oma za tchopa, nyimbo za pamaliro, za kusimba ndi za asodzi a pa Chilwa sizinali malonda. Motero mudzi unkamva mawu a ku Bulawayo ndi ku Johannesburg kuchokera m'bokosi, pamene mawu akewo bokosilo silinkawadziwa. Mwana wokula pamenepo ankatha kuganiza kuti nyimbo yolemekezeka ndi yokhayo yotuluka m'makina, ndi kuti ya agogo ake ndi yachikale. Maganizo amenewa sanatithere mpaka pano.

Munthu amene anaona msanga kuopsa kwake anali Hugh Tracey, mbadwa ya ku England imene inakakhala ku Southern Rhodesia ili mnyamata. Mu 1929 iye anatenga gulu la Akaranga kupita nalo ku Johannesburg kuti akajambulidwe ndi kampani ya Columbia, ndipo kuyambira pamenepo kutolera nyimbo za mu Africa inakhala ntchito ya moyo wake wonse. Anayenda ndi makina ojambulira m'mayiko ambiri, ndipo kuno ku Nyasaland anajambula mu 1950, 1957 ndi 1958 nyimbo za Amang'anja, Achewa, Ayao, Atonga ndi Atumbuka, za bangwe, ulimba, kalimba ndi ng'oma. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music ku Roodepoort, ndipo mndandanda wake wa Sound of Africa unaposa mbale 200. Atamwalira mu 1977, chuma chonsecho chinasamutsidwira ku Rhodes University mu 1978, mumzinda wa Grahamstown umene tsopano ukutchedwa Makhanda.

Chinthu chimodzi chimene tingaphunzire kwa Tracey ndi chakuti ankalemba. Pa nyimbo iliyonse ankayesetsa kulemba woimba, malo, chiyankhulo, chida choimbira ndi tanthauzo la mawu. Chifukwa cha zolembazo, mdzukulu angathe lero kupeza mawu a agogo ake. Koma tionenso mtunda wake: mawu a anthu a ku Nsanje kapena ku Kasungu akusungidwa pafupi ndi mathero a kumwera a Africa, ndipo kwa zaka zambiri eni akewo sanawamvepo. Tchopa analembedwa mu 2014 ndi bungwe la UNESCO pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, koma kulembedwa pa mndandanda sikubweza mawu a okalamba amene anapita osajambulidwa, makamaka pamene olankhula Chilomwe achepa m'midzi yambiri.

Momwe bokosi linakhalira chete

Mu 1948 kampani ya Columbia ku America inatulutsa mbale yapulasitiki yoimba nthawi yaitali, ndipo mu 1949 kampani ya RCA Victor inatulutsa kambale kakang'ono kozungulira maulendo 45 pa mphindi. Mbale zatsopanozi zinali zofewa, zosayenera singano yachitsulo ndi mkono wolemera wa galamafoni yopukusa. Chifukwa chakuti ogula ambiri a mu Africa analibe magetsi, mbale za 78 zinapitirira kudindidwa ku South Africa mpaka m'zaka za m'ma 1960, pamene ku America zinali zitasiyidwa.

Chimene chinagonjetsa galamafoni m'midzi ndi wayilesi. Mu 1949 ku Lusaka kunayamba kugulitsidwa wayilesi yotsika mtengo ya batire yotchedwa Saucepan Special, ndipo nyumba youlutsira mawu ya kumeneko inkaulutsa ndi m'Chinyanja momwe. Mu 1964 tinakhala ndi MBC yathuyathu, kenaka mawayilesi a Nzeru analowa m'nyumba zambiri, ndipo pambuyo pake kunadza makaseti. Wayilesi siinkafuna kupukusa kapena kugula singano. Njira imene mbale zinkadzera nayonso inatsekeka pang'onopang'ono. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70 obwerera ku migodi, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Maulendowo anayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma anathera mu 1988.

Singano zitasowa m'sitolo, bokosi linakankhidwira pansi pa bedi. Chiswe chinadya thabwa, dzimbiri linagwira sipuling'i, ana anasandutsa mbale zoseweretsa. Ndipo ku Phalombe kuli mdani wina amene tonse tikumudziwa. Mu Malichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi nizikokolola midzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso chimodzimodzi m'madera ambiri a bomali. Pa tsoka lotere timalira anthu, ndipo n'koyenera. Koma misozi ikauma timazindikiranso kuti zithunzi, makalata, ziphaso za ku migodi ndi mbale zimene zinali m'nyumbazo zinapita ndi matope. Madzi akatayika saoleka.

Wosunga mbale wa kwathu

Ku America kunali Joe Bussard wa ku Maryland, amene anayamba ali mnyamata kugogoda khomo ndi khomo m'midzi ya kumapiri kufunsa mbale zakale, ndipo pomwalira mu 2022 anali nazo zoposa 15,000. Mnzake wina wa ntchitoyi, Jonathan Ward, anatolera mbale za 78 za mu Africa, ndipo mu 2011 anatulutsa nyimbo 100 mwa izo pansi pa mutu wakuti Opika Pende. Anthu otere tisawachitire nsanje, pakuti makampani ambiri sanasunge zikombole zawo, kotero kuti nyimbo zina zilipo lero chifukwa chakuti munthu mmodzi anakana kutaya mbale. Kwathunso alipo amene anaonetsa njira: Moya Aliya Malamusi anayambitsa ku Chileka mu 1989 ntchito yotolera nthano, nyimbo ndi zida zoimbira, ndipo Dr. John Lwanda anatulutsa nyimbo za oimba a kumudzi monga Namoko pansi pa dzina la Pamtondo.

Komabe wogula wa kutali amatenga nkhani yoyamba yokha, ndiyo nyimbo. Nkhani yachiwiri, ya munthu amene anasenza mbaleyo kuchokera ku Wankie kapena ku Joni, imatsala m'mudzi, ndipo ikalekanitsidwa ndi mbale yake imafa pamodzi ndi nkhalamba yomaliza yoidziwa. Pamenepa wosunga mbale wa kwa Chiwalo ali ndi mwayi umene wa ku London alibe. Iye angathe kukhala pamphasa ndi mayi wokalamba, namufunsa kuti, “Agogo, mbale iyi anabwera nayo ndani? Anakhalako zaka zingati? Munkaiimba pa ukwati wa yani?” Mayankho ake ndiwo mbiri ya Phalombe imene siipezeka m'mabuku a ku Zomba.

Ntchitoyi siifuna chuma chambiri. Imafuna kope ndi cholembera, kuti pa mbale iliyonse tilembe dzina la woimba, la kampani, nambala yodindidwa pakati pake, mwini wake woyamba ndi zonse zimene abale akukumbukira. Mbale zisungidwe choimirira, m'mapepala olimba, pamalo okwera, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Zisapukutidwe ndi sipiriti kapena kachasu, pakuti zimenezi zimasungunula shellac. Kansalu kofewa n'kokwanira. Singano yachitsulo inapangidwa kuti iimbe mbali imodzi yokha, ndipo yobuntha imakumba kanjira ka mbale, mawu naonongekeratu. Choncho mbale yosowa ndi bwino kuisiya yosaimba kufikira patapezeka singano yabwino, ndipo tsiku loiimbalo mawu ake ajambulidwe pa lamya. Sipuling'i ya m'kati ili ndi mphamvu yovulaza, asaitsegule munthu wosaidziwa. Mbale yong'aluka isatayidwe, chifukwa pepala la pakati pake likadali ndi umboni.

Kudzabwera ogula, ndipo m'chaka cha njala n'kovuta kukana ndalama. Sitingaweruze banja logulitsa galamafoni kuti ana adye. Chimene tikupempha n'chakuti lisanagulitse lilembe nkhani yake, lijambule chithunzi, ndipo mawu atsale pamudzi. Aphunzitsi a m'masukulu a kwa Chiwalo angathe kutuma ana kukafunsa kunyumba ngati kuli bokosi lotere. Mafumu angathe kuitanitsa zotsalazo kuti zionedwe pabwalo, eni ake akadali ndi moyo woti afotokoze.

Makolo athu anati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Mawu a m'mbale izi agonera zaka zoposa 60, ndipo amene anawagula ndi mapapo odzaza fumbi la mgodi ambiri anagona kale. Otsalawo ndi owerengeka, ndipo chaka chilichonse akuchepa. Ngati m'nyumba mwanu muli bokosi lotere, litulutseni mvula isanagwe, ndipo pitani nalo kwa munthu wamkulu wa pamudzi panu muli ndi kope m'manja.